Mlandu wa kuntchito umaola: pitani kuleba miyezi itatu isanathe

Funso: Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi Luchenza. Ndakhala ndikuthyola tiyi pa esiteti ina muno m'Thyolo, poyamba nyengo zinayi zotsatizana monga wa sizoni, miyezi isanu chaka chilichonse, kenako zaka 7 monga wokhazikika. Masabata 6 apitawo akapitawo anati ndimagwirizana ndi kalaliki wa pasikelo kuti azindiwonjezera makilo. Sanandiitane kuti ndikayankhepo. M'mawa mwake alonda anandibweza pageti. Kalata palibe, ndalama ya fotinaiti yomaliza sindinalandire. Kupolisi anati si mlandu wawo. Amfumu anati alankhula ndi abwana, koma mpaka lero kuli zii. Anzanga akuti kuleba n'kungotaya ndalama ya basi chifukwa a leba ndi anzawo a mabwana. Ndipite kuti? Nanga ya penshoni ankandidula ija ndiye yapita?

Yankho: Mayi, pepani kwambiri ndi zakuonekeranizi. M'kalata yanu yonse, chimene chandidetsa nkhawa si mawu a akapitawo kapena a alonda a pageti ayi, koma poti "masabata 6". Kumudzi timati mlandu suola, ndipo pabwalo la amfumu n'zoona, mkangano wa malire a munda umadzuka ngakhale patapita zaka khumi. Koma mlandu wochotsedwa ntchito uli ngati masamba mwakhala mukuthyolawo: akagona m'dengu osafika kufakitale, sakhalanso tiyi. Lamulo la Employment Act la chaka cha 2000, pa gawo 62, limapatsa munthu miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe wachotsedwa kuti akadandaule kwa mkulu woona za ntchito m'boma lake, amene tonse timangoti a leba. Miyezi itatu ndi masabata pafupifupi 13, ndipo inu mwadyapo kale 6. Choncho zonse ndinenezi muziwerenge mutamanga kale pansalu ndalama ya basi yopitira pa boma pa Thyolo sabata ino.

Apolisi sanakunamizeni. Kuchotsa munthu ntchito mosatsata lamulo si mlandu woti wina amangidwe maunyolo, ndi nkhani ya ufulu ndi ndalama, ndipo ili ndi khomo lakelake. Amfumu nawo akhoza kukupepeserani, ndipo nthawi zina mawu awo amamveka, koma alibe mphamvu yotsegulitsa buku la malipiro la kampani. Aloleni apitirize kulankhula, inu mukuyenda njira yanu. Pazaka zomwe ndakhala ndikuthandiza anthu pa nkhani zotere, chomwe ndachiona chikupha milandu yabwino si loya wochenjera wa abwana, koma mawu awiri okha akuti "bwerani mawa". Munthu amayendera mawa ameneyu mpaka miyezi itatu kutha, ali phee kudikira chifundo.

Za anzanu akuti a leba ndi a mabwana, sindikutsutsani ngati kuti anthu amangozipeka. Anthu ambiri amachoka kuleba atakhumudwa. Koma kawirikawiri chowakhumudwitsa n'chakuti anapita akuyembekeza woweruza, n'kukapeza mkhalapakati. Wa leba sagamula mlandu ngati khoti, ndipo sangatumize anthu kukalanda thirakitala ya esiteti kuti inu mulipidwe. Ntchito yake ndi kuitana mbali zonse ziwiri, kuziuza zomwe lamulo likunena, kuwerengera ndalama zoyenera, ndi kuyesa kuzigwirizanitsa. Mphamvu ali nazo ndithu: lamulo lomweli limamulola kulowa pamalo a ntchito usana kapena usiku osayamba wapempha, kufunsa aliyense, ndi kuona mabuku a malipiro ndi a masiku ogwira ntchito. Akaona kuti lamulo laphwanyidwa, akhoza kuchititsa kuti olemba ntchito aimbidwe mlandu. Chomuvuta nthawi zambiri ndi kuchepa kwa anthu ndi mafuta a galimoto, m'boma lomwe lili ndi ogwira ntchito zikwizikwi m'minda ya tiyi ndi ya makademiya. Ndiye munthu wofika ndi nkhani yosalongosoka, wopanda pepala ndi limodzi lomwe, amangoikidwa pamzere. Wofika akudziwa chimene akufuna amayenda msanga. Ndipo ngakhale mutakhala kuti simukuwakhulupirira mpang'ono pomwe, pitanibe, chifukwa njira ya kukhoti imadzera pakhomo pawo. Thandizo lawo ndi laulere, palibe cholipira kuti dandaulo lanu lilembedwe.

Tsono tione ngati muli ndi mlandu. Mwa zomwe mwalemba, ndipo ndikumva mbali yanu yokha, mlandu muli nawo, wolimba ndithu. Gawo 57 la Employment Act limafuna zinthu ziwiri munthu asanachotsedwe pa chifukwa cha khalidwe lake. Choyamba, pakhale chifukwa chenicheni. Chachiwiri, munthuyo apatsidwe mpata woyankha zomwe akumunenazo. Ziwirizi zimayendera limodzi. Kuba makilo, kutakhala kuti kunachitikadi, ndi chifukwa chokwanira kuchotsera munthu, ngakhale popanda notisi. Koma ngakhale wogwidwa ndi thumba la feteleza pamutu amayenera kuitanidwa, kuuzidwa mlandu wake, ndi kumvedwa. Inu simunaitanidwe. Simunaone buku la pasikelo lomwe akuti linasinthidwa, simunakumane ndi amene anakunenani. Apa pokha esiteti ili ndi funso lovuta kuyankha.

Chinanso chimene anthu ambiri sachidziwa chili pa gawo 61. Si inu woyenera kutsimikiza kuti simunabe. Olemba ntchito ndiwo ayenera kupereka chifukwa chomwe anakuchotserani ndi kuonetsa kuti anachita mwachilungamo, ndipo akalephera, lamulo limangotenga kuti munachotsedwa mosayenera. Inu chanu n'kuonetsa kuti munali wantchito wawo ndi kuti anakuchotsani.

Mfundo yomalizayi musaipeputse, chifukwa ndi pomwe pali msampha. Popeza kalata palibe, musadzadabwe abwana akadzafika kuleba n'kunena kuti, "Ife mayiwa sitinawachotse, anangosiya okha kubwera." Kujomba popanda chilolezo ndi chifukwa china chomwe lamulo limalola kuchotsera munthu, ndiye nkhani yonse ikhoza kutembenuka inu muli pomwepo. Konzekerani zimenezi lero. Kumbukirani tsiku lenileni lomwe munabwezedwa pageti, mlonda amene anali pamenepo, ndi anzanu omwe anaona. Pezani wina wolemba bwino akulembereni kalata yaifupi yopita kwa oyang'anira antchito pa esitetipo, yonena kuti tsiku lakutilakuti munabwezedwa pageti, simunasiye ntchito mwa kufuna kwanu, ndipo mukupempha kalata yofotokoza chifukwa chake. Ikhale iwiri, ina mupereke, ina akudindireni kapena akusainireni musunge. Akakana kulandira, lembani tsiku ndi dzina la wokanayo. Ulendo wanu wa kupolisi uja nawonso si wotayika, ukuonetsa kuti simunakhale pansi ngati munthu wothawa ntchito.

Popita kuleba tengani chitupa chanu cha unzika, nambala yanu ya pantchito kapena khadi ngati munali nalo, timapepala ta malipiro tonse timene mungatipeze ngakhale tong'ambika, kalata yomwe anakulemberani ntchito yokhazikika, ndi chilichonse chokhudza penshoni. Ngati malipiro ankadzera pafoni kapena kubanki, mauthenga aja musafufute. Zonse muchite fotokope, zenizenizo zizikhala ndi inu. Ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri timapepala timeneti timathera kuyatsira moto kapena kukulungira mandasi. Owerenga ena amene mudakali pantchito, pezani jumbo imodzi muzisungamo, tsiku lina idzakulankhulirani. Lamulo limalamula olemba ntchito kupereka kapepala kofotokoza malipiro nthawi iliyonse yolipira, ndipo amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo ayenera kupereka zolembedwa za mgwirizano wa ntchito mwezi woyamba usanathe. Ngati inu mulibe chifukwa sanakupatseni, nenani choncho, wa leba akawauze abweretse mabuku awo.

Mukafika, dandaulo lanu lidzalembedwa, ndipo adzalemba kalata yoitana olemba ntchito pa tsiku lomwe akhazikitsa. Nthawi zambiri kalatayo amapatsira wodandaula yemweyo kuti akapereke. Onetsetsani kuti tsiku lomwe mwafika lalembedwa m'buku mwawo ndipo inu muli ndi kanthu kosonyeza zimenezo, pakuti ndi tsiku limeneli lomwe likuimitsa kuwerenga kwa miyezi itatu ija. Pa tsiku lokumana, esiteti idzatumiza munthu wozolowera nkhani zotere, wa fayilo m'manja ndi Chingerezi pakamwa. Musanjenjemere. Lankhulani Chichewa, ndipo chilichonse chonenedwa kapena cholembedwa m'Chingerezi pemphani akumasulireni. Musayambe ndi mbiri ya mmene akapitawo amakuderani kuyambira kale, ngakhale zili zoona. Yambani ndi tsiku, chomwe chinanenedwa, ndi choti simunamvedwe.

Tsopano ndalama, chifukwa apa ndi pomwe anthu amaberedwa ali maso. Pali mitolo ingapo, ndipo ndi bwino kuisiyanitsa m'mutu mwanu kuti wina asakupatseni umodzi n'kunena kuti ndi yonse.

Mtolo woyamba ndi wanu zivute zitani, kaya munalakwa kaya simunalakwe: malipiro a masiku omwe munagwira kale, ovataimu ngati ilipo, ndi masiku a tchuthi omwe simunapume. Wogwira masiku 6 pa sabata amayenera masiku 18 a tchuthi pa chaka. Gawo 53 limati zimenezi zilipidwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Kusunga fotinaiti yanu ngati chilango n'kosaloledwa. Muyeneranso kupatsidwa kalata yosonyeza kuti munagwira ntchito kumeneko kuyambira liti mpaka liti, imene idzakuthandizani pofuna ntchito kwina.

Mitolo inayo imadalira kuti zapezeka kuti munachotsedwa mosayenera. Pali ya notisi: munthu wolipidwa pa fotinaiti amene wagwira zaka zisanu kapena kuposerapo amayenera notisi ya mwezi umodzi, kapena malipiro a mwezi m'malo mwake. Pali ya severance, ndalama yotsazikira wantchito malinga ndi zaka zomwe wagwira, imene chisinthireni lamulo mu 2010 imaperekedwa kokha ngati ntchito yatha chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena ili pa mavuto a zachuma, kapena ngati munthu wachotsedwa mosayenera. Kawerengedwe kake n'kotere: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu mwa zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi pa chaka kuyambira cha 11 kupita m'tsogolo. Ndiye pali chipukutamisozi cha kuchotsedwa mosayenerako, chomwe chili pa gawo 63. Khoti limaona lokha kuchuluka koyenera, koma lamulo linaika mlingo wosayenera kutsikirapo: sabata imodzi pa chaka kwa wogwira zaka zosapitirira zisanu, masabata awiri pa chaka kwa wopitirira zisanu mpaka 10, atatu kwa wopitirira 10 mpaka 15, ndi mwezi wathunthu pa chaka kwa wopitirira 15. Severance ndi chipukutamisozi ndi zinthu ziwiri zosiyana, china sichilowa m'malo mwa chinzake.

Nyengo zanu zinayi za sizoni zija musazisiye kunyumba. Abwana adzafuna kuwerenga kuyambira tsiku lomwe munakhazikika, zaka 7 basi. Koma gawo 43 linalembedwa ngati kuti olembawo ankaganiza za Thyolo ndi Mulanje, kumene mvula ikagwa mu Disembala minda imadzaza anthu, ikatha n'kuwabweza kumudzi. Limati pa ntchito yomwe mwachizolowezi imalemba anthu ena pa nyengo yokha, munthu akagwira nyengo zotsatizana kwa bwana mmodzi, nthawi yonse yomwe anagwiradi iphatikizidwe ngati ntchito yosadukiza. Sakuwerenga zaka zinayi zathunthu ayi, akuwerenga miyezi yomwe munali m'munda. Miyezi isanu kanayi ndi miyezi 20, kutanthauza chaka ndi miyezi 8. Kuphatikiza ndi zaka 7, zaka zathunthu zikukwana 8. Severance ya zaka 7 ndi masabata 16, ya zaka 8 ndi masabata 19. Tingoyerekeza kuti pa sabata munkalandira K25,000, inu muikepo nambala yanu yeniyeni: masabata 19 ndi K475,000, pamene 16 ndi K400,000. Chipukutamisozi chochepetsetsa pa zaka 8 ndi masabata ena 16. Mukuona kuti miyezi ija ya m'matope, yothyola mvula ili pamsana, ili ndi mtengo wake. Ikakamireni, ndipo wa leba awerengere inu mukuona, pa pepala lomwe mutenge.

Pano ndipatukeko pang'ono chifukwa cha alonda, a kufakitale ndi ena omwe amasainitsidwa kontirakiti ya miyezi yochepa, ikatha ina, ikatha inanso, zaka n'kumapita. Gawo 28 limati ngati ntchitoyo ndi yokhalitsa pa kampanipo, kontirakiti yotere imatengedwa ngati yopanda malire a nthawi. Dzina lomwe abwana aipatsa si lomwe limagamula.

Tsiku lokambirana likhoza kutha ndi esiteti kunena kuti ikupatsani ndalama yakutiyakuti nkhani ithe. Apa ndilankhule mosabisa. Milandu kukhoti imatenga nthawi, nthawi zina zaka, ndipo ulendo uliwonse wa ku Blantyre ndi ndalama ya ufa wa ana. Kwacha nayo siidikira munthu, ndalama ya lero si yofanana ndi ya zaka zitatu zikubwerazi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati zomwe akupereka zikuyandikira zomwe mwawerengera, ine ndingati landirani, bola zilembedwe, pakhale tsiku lolipira, ndipo wa leba asainire. Koma ngati akungokupatsani fotinaiti yanu yomwe ija ndi masiku a tchuthi, n'kukuikirani pepala loti mwalandira zonse ndipo simudzadandaulanso, dziwani kuti akukugulitsani mbuzi yanu yomwe. Ndalama imeneyo ndi yanu kale. Mukhoza kuilandira n'kusainira kuti mwalandira ndalama yakutiyo pa chinthu chakuticho, osati kuti nkhani yonse yatha. Chala chanu chisadinde pa pepala lomwe simunawerengeredwe m'chinenero chomwe mumamva. Ndinaonapo bambo wina amene anagwira ulonda zaka zambiri pa kampani ina, atadinda pepala lotere chifukwa cha njala ya sabata imodzi, ndipo pofika kwa ine panalibenso pogwira polimba.

Mungafunenso kubwezeredwa pantchito m'malo mwa ndalama. Lamulo limalola khoti kulamula zimenezo, ndipo pokambirana kuleba mukhoza kuzipempha. Muganizire nokha ngati mungathe kugwiranso pansi pa akapitawo omwewo, kapena mupemphe kusamutsidwira ku gawo lina la munda.

Zikakanika, kapena abwana akapanda kubwera ataitanidwa, musamangoyendera ofesi mpaka nsapato kutha. Lamulo limapatsa wa leba mwezi umodzi. Ukatha nkhani isanathe, pemphani kalata yokutumizani ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya zantchito, lomwe kwa ife a kuno kummwera lili ku Blantyre. Khoti limeneli linakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko a 1994, ndipo kayendetsedwe kake kali mu Labour Relations Act ya 1996. Linapangidwa kuti munthu wamba athe kudziimira yekha popanda loya. Mumalemba dandaulo lanu pa fomu yotchedwa IRC Form 1, olemba ntchito amayankha, kenako mumaitanidwa kaye kukakambirana kuti aone zomwe mukugwirizana ndi zomwe mukutsutsana mlandu usanamvedwe. Kusiyana kwake ndi kuleba n'kwakuti chigamulo cha kuno chili ndi mano, wokana kulipira katundu wake akhoza kulandidwa. Wosakhutira pa mfundo ya lamulo amakachita apilo ku High Court pasanathe masiku 30. Ngati mukuona kuti simungathe nokha, a Legal Aid Bureau ndi a boma ndipo alipo chifukwa cha anthu osatha kulipira loya. Chenjerani ndi anthu ongozungulira pa makhoti ndi pa maofesi, odzitcha othandiza, ofuna kagawo ka ndalama zanu musanazione n'komwe.

Nanga wa leba mwiniyo akakhala kuti ndiye akuzengereza dala, kapena akupempha ya fanta? Naye ali ndi omuyang'anira. Pamwamba pa ofesi ya pa boma pali ofesi ya chigawo ku Blantyre, ndipo pamwamba pa onse pali Labour Commissioner ku Unduna wa Zantchito ku Lilongwe. Wogwira ntchito m'boma akakuchitirani zosalungama, ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo otere, ndipo za ziphuphu ndi za a Anti-Corruption Bureau. Zindikirani kusiyana kwake: kwa Ombudsman mukadandaula za ofesi ya boma yomwe sikukuthandizani, osati za esiteti, poti mlandu wanu ndi esiteti uli ndi khoti lake.

Simunatchule za yuniyoni, ndipo ndadabwa pang'ono. Yang'anani pa kapepala ka malipiro ngati ankakudulani ya bungwe la ogwira ntchito. M'minda ya tiyi muli bungwe la Plantation and Agriculture Workers Union, lomwe mu 2016 linasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito ndi a Tea Association of Malawi. Ngati munali membala, nthumwi ya bungweli ya pa esiteti yanu ikuyenera kukuperekezani, ndipo imadziwa ndondomeko ya chilango yomwe kampaniyo inadzilembera yokha. Kampani ikaphwanya ndondomeko yakeyake, umenewo ndi umboni wabwino kwambiri. Koma a yuniyoni akati dikirani tikambirane kaye, ayankheni ngati mmene ndanenera za amfumu: kambiranani, ine ndikukalembetsa.

Ya penshoni sinapite. Chiyambireni lamulo la penshoni kugwira ntchito mu 2011, lomwe linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023, wantchito amadulidwa 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro ake, olemba ntchito n'kuwonjezerapo 10 kwacha. Ndalamayi siikhala ku esiteti, imapita ku kampani yosunga penshoni, m'dzina lanu. Kuchotsedwa ntchito, ngakhale pa mlandu wakuba, sikuifafaniza. Funsani dzina la kampani yosungayo ndi nambala yanu ya umembala, mukapemphe sitetimenti, muone ngati zomwe ankadula pa kapepala zikufanana ndi zomwe zinafika. Kumeneko adzakuuzaninso nthawi ndi gawo lomwe mungatape. Vuto lomwe limapezeka m'makampani ena ndi lakuti amadula koma osatumiza. Mukapeza zotere, uzani a leba, komanso dandaulo lipite ku Reserve Bank of Malawi, chifukwa Gavanala wa bankiyi ndiye Registrar of Financial Institutions, woyang'anira makampani onse a penshoni.

Poti kalata yanu iwerengedwa ndi ambiri a m'mindamu, nditchuleko makomo ena awiri omwe inu simunagogodepo. Wovulala pantchito, kaya wagwa ndi dengu pamtsetse, walumidwa ndi njoka m'mizere, wapsa ndi mankhwala opopera kapena makina amudula chala, nkhani yake ili mu Workers' Compensation Act ya 2000, ndipo imayambira ku ofesi ya leba yomweyo. Auze abwana nthawi yomweyo, apite kuchipatala, asunge mapepala onse, ndipo pempho la chipepeso lifike pasanathe miyezi 12. Safunika kuonetsa kuti abwana analakwa, chofunika n'chakuti ngoziyo inachitika chifukwa cha ntchito, ali pantchito. Wolumala kotheratu amalandira malipiro a miyezi 54, banja la womwalira limalandira a miyezi 42, ndipo wolumala pang'ono amalandira gawo malinga ndi momwe dokotala wayezera. Khomo lachiwiri ndi la amayi omwe amauzidwa kuti dzina lawo lidzalembedwa sizoni ikubwerayi pokhapokha "akamvana" ndi wina wake. Umenewu ndi mlandu pansi pa Gender Equality Act ya 2013, chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka zisanu m'ndende. Uwu wokha apolisi sangakubwezeni, pitani ku ofesi yawo yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo a Malawi Human Rights Commission nawonso amalandira madandaulo otere.

Ndikudziwa kuti pali mantha ena omwe simunawalembe. Mwina pa esiteti yomweyo pali amuna anu, mchemwali wanu kapena mwana wanu wamkulu, ndipo mukuopa kuti mukasuma, mkwiyo ugwera iwo. Mantha amenewa kuno ndi akale. Agogo athu ankakhala pa malo a azungu polipira thangata, ndipo wotsutsana ndi mwini munda ankataya ntchito ndi pokhala pomwe. Thangata inathetsedwa mu 1962, koma chizolowezi chovulira geti chipewa chinatsala m'mafupa. Lero gawo 31 la malamulo aakulu a dziko limapatsa aliyense ufulu wogwiritsidwa ntchito mwachilungamo ndi kulipidwa moyenera, ndipo Employment Act imanena poyera kuti kudandaula kapena kuchitira umboni pa mlandu wotsutsa olemba ntchito si chifukwa chochotsera munthu. Sindikunamizani kuti lamulo limaletsa munthu kusunga chakukhosi. Wa sizoni akhoza kungosiyidwa osaitanidwanso, ndipo n'zovuta kutsimikiza chifukwa chake. N'chifukwa chake posankha mboni, yambani ndi omwe anachoka kale pa esitetipo kapena okhazikika, osati wa sizoni amene akudikira kulembedwa mu Disembala. Ndipo amene mudakali pantchito ndipo mukufuna kuti a leba adzaone za ovataimu yosalipidwa kapena kupopera mankhwala popanda zodzitetezera, mukhoza kukanena mwakachetechete, wa leba saloledwa kuulula yemwe wamutsina khutu.

Funso limodzi lomwe ndingakonde mulifufuze musanapite ndi la kalaliki wa pasikelo uja. Kodi naye anachotsedwa, kapena akugwirabe ntchito? Ngati akuti munagwirizana anthu awiri, koma wogwira cholembera ndi buku adakali pampando pomwe wonyamula dengu ali kunyumba, limenelo ndi funso loti mudzalifunse pamaso pa wa leba, modekha, kamodzi kokha, n'kudikira yankho. Ngati naye anachotsedwa popanda kumvedwa, pitani limodzi, aliyense akalembetse dandaulo lake. Nyamukani m'mawa, pa Luchenza minibasi za ku Thyolo sizisowa, ndipo musachoke pa ofesipo musanadziwe dzina la amene walandira nkhani yanu ndi tsiku lomwe mudzabwerenso.